Khodadad ndi Nsomba za Kumtunda

Ku Ab Sefid, mudzi wa m'chigwa chopapatiza cha m'mapiri a Zagros, munthu woyamba kuweta nsomba anali Khodadad mwana wa Morad. Zimenezi palibe amene amatsutsa, ndipo ukaiwala, mwiniwakeyo akukumbutsa tiyi wako asanazizire.

Anakulira kumbuyo kwa nkhosa za bambo ake, iye ndi mng'ono wake Bahman. Ali ndi zaka makumi atatu anapita kukagwira ganyu yomanga kufupi ndi Shahrekord, ndipo kumeneko anaona anthu akusunga nsomba za tirauti m'madamu a simenti, ataliatali ngati ngalande, madzi ozizira akulowera uku n'kutulukira uko. Masiku atatu otsatizana, anzake akamadya nkhomaliro, iye ankapita kukaziyang'ana nsombazo. Atabwerera kumudzi anagulitsa nkhosa makumi anayi, namanga madamu atatu m'munda mwake. Anthu anamuseka mpaka misozi. Ankati mwana wa Morad wataya ziweto za ubweya ndi mkaka n'kutola tinthu tosamva kuitana. Zitatha zaka ziwiri malole a amalonda a ku Isfahan anayamba kuima pachipata pake, ndipo oseka aja anabwera mmodzimmodzi kudzafunsa kumene amagula simenti.

Kuyambira pamenepo Khodadad anakhala sing'anga wa nsomba wa chigwa chonse. Nsomba za munthu zikaleka kudya, ankathamangira kwa iye. Iye ankabwera mosafulumira, manja kumbuyo, n'kuima m'mbali mwa damu nthawi yaitali ngati akumvetsera zimene nsombazo zikunena. Kenako ankati, "Thirani mchere." Nthawi zambiri mcherewo unkathandizadi. M'tiyirumu ya Nosrat mpando wa pafupi ndi mbaula unali wake, ndipo mlendo akakhalapo mosadziwa, anthu ankamunong'oneza kuti asunthe.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya mumtima: madzi. Bambo awo pomwalira anasiya minda iwiri. Wa kumunsi unali wosalala, wobereka tirigu wambiri. Wa kumtunda unali wa miyala yokhayokha, koma ndi mmene munali kasupe. Khodadad, pokhala wamkulu, anasankha yekha, ndipo anasankha wa kumunsi. Masiku amenewo ndani ankaganiza za nsomba? Tsono Bahman nayenso atamanga madamu ake, pophunzitsidwa ndi mkulu wake yemweyo, madzi a kasupe ankayamba adutsa kwa iye ali oyera mbee, n'kutsika kudzasakanikirana ndi a mumtsinje, kenako n'kufika kwa Khodadad.

"Nsomba zanga zimamwa madzi amene zasambira nsomba za Bahman," ankatero kwa mkazi wake Soghra.

"Mundawu munasankha nokha, bambo a Jamshid. Panalibe anakugwirani dzanja."

"Ndakufunsa?"

Bahman anali munthu wansangala, wokondedwa ndi aliyense. Ngakhale ali ana, mayi awo ankasungira iyeyo nkhoko za mpunga, Khodadad akuona. Koma Bahman anali ndi khalidwe limodzi limene linkagoneka nsanje ya mkulu wake: sankachita kanthu osafunsa. "Achimwene, tabwerani mudzaone, nsombazi zikuoneka bwanji?" Khodadad akamva mawu amenewo mtima unkakhala pansi.

Bahman anamwalira mwadzidzidzi asanafike zaka makumi asanu. Anagwa ali pantchito m'mbali mwa damu, mtima utangoima. Khodadad analira, ndipo kulira kwake kunali koona. Malemuyo anasiya mkazi, Mahgol, ndi mwana mmodzi wamkazi, Zarrin, amene anali kusekondale.

Atatha masiku makumi anayi a maliro, Khodadad anakwera kumtunda atavala jekete lake lopitira kumzikiti. Mahgol anamuthirira tiyi, namuikira shuga wa mibulu m'kambale.

"Alamu, ndabwera kudzakupeputsani katundu," anayamba motero. "Madamuwa si ntchito ya mayi. Ine ndiziyang'anira, inu muzingolandira gawo lanu muli m'nyumba."

Mahgol anayang'ana pansi mwaulemu. "Mulungu akusungeni, alamu. Koma ndikamakhala m'nyumbamu tsiku lonse ndipenga. Mundilole ndiyese chaka chimodzi."

"Kodi munayamba mwagwirapo nsomba yamoyo inu?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndine ndinkazidyetsa m'mawa, malemu akadali m'bulangete."

Khodadad anaseka, nati chabwino, ayese. Atafika kunyumba anauza Soghra kuti chipale chofewa chisanagwe m'mapiri, mayiyo adzabwera yekha makiyi ali m'manja.

Chaka choyambacho nsomba za Mahgol zinafadi, pafupifupi theka. Khodadad atamva anati "pepani" pakamwa, koma tsiku limenelo anadya mbale ziwiri. Anadikira kugogoda pakhomo. Mahgol sanabwere. M'malo mwake anakwera basi kupita kutauni, nabwerako ndi dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba, dzina lake Ardalan. Kuchokera apo anagula sikelo, kachipangizo koyezera kuzizira kwa madzi, ndi maburashi aatali otsukira madamu. Anachepetsa nsomba m'damu lililonse. Chaka chachiwiri sizinafe. Chaka chachitatu malole a ku Isfahan ankadutsa pachipata cha Khodadad, dalaivala n'kungokweza dzanja, ulendo wa kumtunda. Pobwerera m'pamene ankaima kwa iye kudzadzaza pamene patsala.

Koma chimene chinkamupweteka koposa si malole ayi. Anali anthu a m'mudzi. Munthu ankatulukira akuthamanga, nkhope ikuonetseratu kuti nsomba zadwala, Khodadad n'kuyamba kale kuika manja kumbuyo. Munthuyo n'kuti, "Mwaswera bwanji, a Khodadad?" n'kudutsa, kukwera kwa Mahgol.

Tsiku lina m'tiyirumu, Nosrat, amene anakula naye limodzi ndipo sankamuopa, anamuikira tambula ya tiyi nati, "Ndikuthirireni mchere, adokotala?"

Anthu anaphulika kuseka.

"Seka, iwe wa mano atatu," anatero Khodadad. "Mayi uja si nzeru ayi, ndi madzi. Mundipatse kasupe uja muone ngati nsomba zanga sizikula ngati ana a ng'ombe."

"Bahman anali ndi kasupe yemweyo, koma ankatsika kudzakufunsa. Mkazi wake satsika. Tsono chasintha n'chiyani, kasupe?"

Khodadad anagugudiza tiyi wotenthayo mpaka kupsa lilime, natuluka osatsazika.

Chaka chachinayi anatsimikiza zomuonetsa mlamu wake kuti mwini ntchito ndani. Chikondwerero cha Nowruz chikamayandikira banja lililonse limafuna nsomba yodyera mpunga wa masamba polowa chaka chatsopano, ndipo mtengo umakwera. Mahgol ankasunga nsomba zikwi zisanu m'damu limodzi. Khodadad anaikamo zikwi khumi ndi ziwiri. Soghra atasuzumira anagwira pakamwa.

"Bambo a Jamshid, izi zikusambira kapena zaima pamzere?"

"Iwe dziwa za kukhitchini."

Nyengo yonse yozizira zinthu zinayenda bwino, ndipo Khodadad ankayenda m'mudzi chifuwa patsogolo. Koma patatsala milungu inayi kuti Nowruz ifike, kunaomba mphepo yofunda masiku anayi otsatizana. Chipale cha m'mapiri chinasungunuka nthawi isanakwane, mtsinje unadzaza, ndipo madzi olowa m'madamu ake anafiira ndi matope. A kasupe wa kumtunda anakhalabe oyera monga mwa masiku onse.

Tsiku lina m'mawa Khodadad anamwaza chakudya, koma madzi sanawire monga amachitira nsomba zikamalimbirana. Timibulu ta chakudyacho tinangoyandama n'kupita ndi madzi. Nsomba zinali zitaunjikana pamene madzi amalowera, kukamwa kuli yasa, zikupuma wefuwefu. Anavuula imodzi ndi kaukonde, naitsegula pambali pa mutu kuti aone makha ake opumira. Makha a nsomba yathanzi amakhala ofiira ngati nthanga za khangaza. Awa anali otuwa, otupa, omatana ndi zinthu zoterera ngati mamina.

Anathira mchere. M'mawa mwake anavuula zakufa makumi asanu. Anathiranso. Tsiku lachitatu anavuula mazana awiri.

Apo mutu unamuzungulira, ndipo anakwera kumtunda osavala ndi jekete lomwe. Anamupeza Mahgol atavala jombo za malemu mwamuna wake, akutsuka damu lopanda nsomba. M'madamu enawo nsomba zinkathamanga zikunyezimira ngati mipeni yonola kumene. Khodadad atangoziona, mawu amene anakonza panjira anasanduka ena.

"Alamu, zonyansa za m'madamu mwanu mukuzitsitsira kwa ine dala? Mwandiphera nsomba!"

Mahgol anaimika burashi. "Zadwala? Zayamba liti?"

"Musafunse ngati simukudziwa. Matenda anu mwawatsuka kuno, afikira kwa ine."

"Alamu, madzi otsukira ndimawapatutsira kumunda wa nyemba, onani ngalande iyo. Ndipo zangazi sizikudwala, mukuziona. Makha ake akuoneka bwanji? Zikudyabe? Ngati zina zikudya tiwaimbire adokotala lero lomwe, chifukwa mankhwala ake amalowera m'chakudya. Zikasiyiratu kudya ndiye kuti basi."

"Inu mundiphunzitse ine? Pamene ndinkamanga damu loyamba inu n'kuti mukusewera ndi zidole!"

"N'zoona, alamu."

Kuvomera kumeneko kunamupsetsa mtima kuposa kutukwanidwa. Anatsika akupunthwa m'miyala. Koma mawu aja anali atawamva: mankhwala amalowera m'chakudya. Masana omwewo anayendetsa kagalimoto kake mpaka kutauni, nalowa m'sitolo ina ya mankhwala a ziweto. Kulemera kwa nsomba zake sankakudziwa, ndiye anangoti akufuna ufa wamphamvu wa matenda a makha. Atafika kunyumba anakhuthulira ufawo m'thumba la chakudya, navundula ndi manja, namwaza m'madamu. Ufa woumawo sunamatirire ku timibulu. Unangoyandama pamwamba pa madzi ngati fumbi, n'kutuluka ndi ngalande iye akuupenya.

Soghra anali ataima pambali, manja m'chiuno. "Safunsa anadya phula, bambo a Jamshid."

"Ukakwera kumtunda kuja, usadzapondenso m'nyumba muno."

"Zaka makumi atatu mwakhala mukundithamangitsa, ndikadali pano." Anakonza mpango wake kumutu, nayamba kukwera mwamuna wake akuona.

M'mawa mwake galimoto yoyera ya Dokotala Ardalan inaima pachipata, Mahgol ali mpando wa kumbuyo, sikelo pamiyendo. Anthu a m'mudzi anasonkhana kumpanda. Nosrat anachita kutseka tiyirumu kuti zisamupite. Khodadad ankalakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza.

Dokotalayo anali bambo wamfupi wamagalasi, wosachulutsa mawu. Anadula kachidutswa ka makha, nakaika pansi pa galasi lake lokulitsa zinthu, namuitana Khodadad kuti asuzumire yekha. Khodadad anatsinzina diso limodzi. Anaona timizere tambirimbiri ngati tsitsi titakutira makhawo.

"Ndi tizilombo timeneto," anatero dokotala. "Timakhalamo kale m'madzi, sitinachokere kwa munthu. Timapeza mpata nsomba zikathithikana, matope n'kuzikanda makha. M'damu ili muli zingati, bambo?"

"Zokwanira."

"Zikwi khumi ndi ziwiri," anayankha Soghra kumbuyo.

Dokotala anavula magalasi nawapukuta. Kumpanda wina anaimba mluzu.

Kenako anafotokoza zochita. Nsomba zichepetsedwe, madamu atsukidwe. Mchere unali wabwino, apitirize, koma pawokha sukanakwanitsa. Pafunika mankhwala a m'chakudya, pa muyeso wotengera kulemera kwa nsombazo, masiku khumi osadumphitsa ngakhale zitaoneka kuti zachira. Zimene zasiyiratu kudya sizipulumuka, poti mankhwala alibe polowera m'nsomba yotseka pakamwa.

"Kuchepetsako ndikaziike kuti?" anafunsa Khodadad. "M'bafa?"

"Damu lija munandipeza ndikutsuka lilibe kanthu," anatero Mahgol. "Ndi lakumapeto, madzi ake sakhudza enawo. Tengerani kumeneko zina."

Palibe mawu amene anatuluka mowawa pakhosi pa Khodadad ngati "zikomo" wa tsiku limenelo. Zaka zonsezi ankalota nsomba zake zikusambira m'madzi a kasupe, ndipo tsopano zinkapitako m'migolo, zodwala, ngati alendo ochitiridwa chisoni.

Dokotala atalemba muyeso papepala anati ali ndi ulendo wa kuchigwa china. Anati mayi Mahgol ndi amene awaonetse kasakanizidwe kake, poti amakadziwa bwino. Choncho Khodadad, sing'anga wa nsomba, anagwada pa chipepala cha pulasitiki pamaso pa mudzi wonse, mlamu wake akumuphunzitsa. Mahgol anayeza nsomba makumi awiri pa sikelo kuti adziwe kulemera kwa zonse. Anavala magolovesi, namupatsa ena. Anasakaniza ufa wa mankhwala ndi mafuta ophikira, nawaza mafutawo pa timibulu pang'onopang'ono, uku akutembenuza mpaka kambulu kalikonse katanyezimira.

"Mafutawa ndi amene amagwira mankhwala kuti asatsukike m'madzi. Tsono muyanike kaye pamthunzi. Pomwaza musakhuthule kamodzi. Pang'onopang'ono, kanayi pa tsiku, kuti zofooka nazo zipezeko."

"Ndikudziwa."

"Inde, alamu. Koma apo mwasiya pouma."

Ankalankhula motsitsa mawu kuti a kumpanda asamve. Khodadad anaona zimenezo, ndipo nazonso zinamuwawa. Mayiyu anali ndi madzi, anali ndi nzeru, pamwamba pake n'kukhalanso ndi mtima wabwino. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwinoko, munthu ukanapeza pomugwira.

Masiku atatu oyamba nsomba zinapitirira kufa. Tsiku lachinayi zakufa zinachepa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri atamwaza chakudya, madzi anawira. Khodadad anakhala pansi pa simenti yozizira. Atatsegula imodzi tsiku lakhumi, makha anali atayamba kufiira. Pa nsomba zitatu zilizonse, ziwiri zinapulumuka.

Koma panali mawu ena a dokotala amene Khodadad ankayesetsa kuwaiwala. Mankhwala akatha, nsomba zisagulitsidwe kwa milungu inayi, chifukwa m'madzi ozizira mankhwalawo amachedwa kuchoka m'thupi, ndipo ogula angadye nsomba ndi mankhwala omwe. Apo n'kuti Nowruz itatsala mlungu umodzi.

Lole ya Haji Mansur, wamalonda wa ku Isfahan, inafika chakumasana, matanki a madzi ali kumbuyo. Ulendo uno inayamba kuima kwa Khodadad, poti Hajiyo anali atamva kuti chaka chino kuli nsomba zambiri. Anasuzumira m'damu, naziona zikuthamanga, natchula mtengo umene Khodadad anali asanaumvepo chiyambire ntchitoyi.

"Zili bwinobwino eti, a Khodadad?"

Khodadad anayang'ana nsomba, nayang'ana lole. "Mukuziona nokha, Haji."

Nthawi imeneyo n'kuti Mahgol akutsika ndi wilibala kudzabweza migolo ija, ndipo anamva zonse. Anaika wilibala pansi, napereka moni, nayang'ana mlamu wake pomupatsa mpata kuti anene yekha. Khodadad anayang'ana kumbali.

"Haji," anatero Mahgol, "nsomba za alamu anga zangomaliza mankhwala dzana. Zidzakhala zokonzeka mwezi wa mawa. Ndi nsomba zabwino, mudzabwerenso."

Haji Mansur anakweza manja m'mwamba. "Mulungu atiteteze! Zikakapezeka ndi mankhwala kumsika, ine ndikalowera kuti?" Anakwera galimoto yake, ndipo Khodadad anaimva ikusintha giya pokwera chitunda.

"Mwakondwa tsopano?" anakuwa Khodadad potembenukira kwa Mahgol. "Munazichiritsa kuti mudzandivule pamaso pa anthu! Zanu agula zonse, zanga zizingodya chakudya mwezi wathunthu!"

"Alamu, nsombazi zikadyedwa ndi ana a anthu."

"Ana a anthu! Nanga ine si mwana wa munthu?"

Mahgol anatsitsa migolo, naiimika bwinobwino pakhoma, natenga wilibala yake. "Tsiku la Nowruz tidzabwera ndi Zarrin kudzakufunirani chaka chabwino, monga mwa zaka zonse."

Anabweradi. Dzulo lake anali atatumiza nsomba zinayi zonona, podziwa kuti za pakhomopo sizidyeka. Soghra anazikazinga, naziika pambali pa mpunga wa masamba. Khodadad anadya mpunga wokhawokha, nsomba yake anaikankhira kumphepete kwa mbale. Soghra anaitenga n'kuidya yonse, akunyambita zala mokweza. Zarrin atabwera m'mawa kudzapsompsona dzanja la bambo ake aakulu, Khodadad anamulandira bwino, namufunsa za sukulu. Mayi ake anangowagwedezera mutu.

Nsomba zake anazigulitsa patatha mwezi, mtengo utatsika, kwa eni malesitilanti a m'mbali mwa msewu. Chaka chotsatira anaika zikwi zisanu ndi mazana asanu m'damu, kuti zikhale zochulukirapo pang'ono kuposa za kumtunda. Anagula sikelo yaikulu kuposa ya Mahgol. Anakumba dziwe loti madzi a mumtsinje aziyamba adikha matope asanalowe m'madamu. Nzeru imeneyi anamupatsa ndi Dokotala Ardalan, ngakhale kuti m'tiyirumu iye amati anailota yekha. Pang'onopang'ono anthu ena anayambanso kuima pachipata pake, makamaka aulesi wokwera chitunda ndi amanyazi ofunsa kwa mayi. Masiku ano akaika manja kumbuyo amati, "Yezani kaye. Itanani dokotala. Ndipo mafuta musaiwale, ndakhala ndikukuuzani kuyambira kale." Nosrat akamva zimenezi amangoyang'ana kudenga.

Chaka chonse chija sanalankhulane ndi mlamu wake kupatula moni. Komabe tsiku lina munthu wa kumudzi wina ananena m'tiyirumu kuti mayi wamasiye wokwera galimoto ya dokotala ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Khodadad anadzuka, namugwira pakolala mpaka mabatani kuduka.

"Ameneyo ndi mkazi wa mng'ono wanga. Womunena ndi ine ndekha, wamva?"

Patatha zaka zitatu Zarrin anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Lordegan. Khodadad ndiye anakhala m'malo mwa bambo, ndipo analankhula bwino mpaka akuchimuna anamuyamikira. Alendo ankayembekezeka mazana atatu. Mahgol atanena kuti nsomba apereka ndi iye, Khodadad anakana kwamtuwagalu.

"Mwana wa mng'ono wanga akwatiwe popanda nsomba yanga? Theka lichokera kumunsi."

"Monga mwanenera, alamu."

M'mawa wa ukwatiwo Khodadad anapita yekha kwa ophika. Anawauza kuti nsomba zake aziotche padera, ndipo aziike m'mbale za mkombero wa buluu, za kumtunda m'mbale zoyera. Chakudya chitafika, ng'oma ndi zitoliro zitapuma, iye sanakhale pansi. Ankazungulira pakati pa alendo ngati akuona ngati onse alandira, koma maso ali pa mbale, makutu ali tcheru.

Mkulu wina wa kuchimuna, wa ndevu zoyera, ankayamwa minga ya nsomba ya m'mbale ya buluu. Atamuona Khodadad anamukodola.

"Bambo, mbiri ya nsomba za mayi Mahgol ndinkangoimva, lero ndakhulupirira. Madzi a kasupe akuchita kumveka m'kamwa."

Khodadad anamva kutentha m'makutu. "Pepani, bambo, imeneyo ndi yanga. Onani mbaleyo. Za buluu ndi za kumunsi."

Mkuluyo anayang'ana mbale, nayang'ana Khodadad. "Kaya. Ife anatiuza kuti nsomba za kuno ndi za mayi a mkwatibwi."

"Alamu!" anaitana Khodadad, mawu ake akumveka bwalo lonse. "Tabwerani kuno!"

Mahgol anachoka kwa ophika akupukuta manja, anthu onse atatembenuka.

"Tawauzani bambowa. Nsomba iyi ndi ya ndani?"

Mahgol anayang'ana mbaleyo. "Ndi ya alamu anga, bambo. Zawo chaka chino zanona kuposa zanga. Ndiwo anayamba ntchito imeneyi m'chigwa muno."

Mkulu uja anagwedeza mutu, napitiriza kuyamwa minga yake. Mahgol anabwerera kwa ophika. Khodadad anakakhala pansi pafupi ndi mkazi wake, nkhope ili ndwii.

"Mtima wakhala pansi tsopano?" anafunsa Soghra.

"Wavomera msanga kwambiri. Munthu savomera choncho pokhapokha akudziwa kuti zake n'zabwinobe." Kenako anamugunda ndi chigongono. "Tanditengera chidutswa cha m'mbale yoyera. Anthu asaone."

Soghra anapukusa mutu, koma anabweretsa, atachibisa pansi pa buledi. Khodadad anachitafuna pang'onopang'ono, maso ali patali.

"Bwanji?"

"Zake aziotcha bwino kuposa zanga," anatero. "Ophikawa ndi a kwawo kwa Mahgol, ndinadziwa ine." Anapukuta pakamwa, nadzuka kupita kukawafunsa.